Kulira Kumene Mkazi Wanga Anapatsa Mayi wa Mafilimu

Chaka chimene ntchito inandithera ku Clondalkin, m'mphepete mwa mzinda wa Dublin kuno ku Ireland, ndi chimenenso mkazi wanga anapeza nkhalamba yake ya ku Amereka.

Ndiyambe ndi ntchitoyo, chifukwa ikanapanda kutha sindikanapeza mpata wochita nsanje. Ndinkagwira m'nyumba yaikulu yosungiramo matailosi ndi mabafa, ndikuyendetsa kagalimoto konyamula katundu, kaja ka mafoloko awiri kutsogolo. Masiku amene Dublin yense ankamanga nyumba, tinkatulutsa katundu mpaka msana kuuma. Kenako anthu anangosiya kumanga. Mabafa anati mbwee m'mapepala awo, fumbi n'kumawagwera, ndipo bwana wathu, munthu wabwino ndithu, anayamba kutiitana mmodzimmodzi mu ofesi. Pa wailesi mawu anali amodzi, risesheni, kugwa kwa chuma, masana ndi madzulo, ngati belu la Mngelo wa Ambuye. Ine imvi zinali zitadzaza kale. Ndani akanalemba ntchito munthu ngati ine pamene ana a eni dziko, a madigiri awo, ankakwera ndege kukasaka ntchito kunja?

Choncho ndinakhala pakhomo, m'kanyumba kathu ka lendi ku Balbriggan. Mwana wathu wamkazi anali atakwatiwa kale mumzinda, ndipo adzukulu akabwera ankandiyankha m'Chingerezi ngakhale ndiwafunse m'Chichewa. Amene anatsala akugwira ntchito anali mkazi wanga. Ankasamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala, kuwaphikira. Tsiku lina anamupatsa nkhalamba yatsopano ku Skerries, siteshoni imodzi yokha ya sitima kuchokera kwathu.

Anabwera madzulo asanavule n'komwe jekete.

“Abambo, mukudziwa amene ndikumusambitsa?”

“Ndidziwa bwanji, mayi? Ndimakhala nawo ku bafa?”

“Munthu wa mafilimu. Wa ku Amereka. Weniweni.”

“Ngati ndi weniweni akutani ku Skerries? Mafilimu athera padoko la nsomba?”

Anali akumwetulira yekha, ndipo kumwetulira kumeneko ndi kumene ndinayamba kudana nako.

Mbiri ya mayiyo ndinaimva pang'onopang'ono, pa chakudya chamadzulo, ndisanaifune. Anabadwira m'katauni kena pakati pa Amereka, kumene akuti minda ya chimanga ilibe malire. Bambo ake ankakonza mawotchi. Iye anachoka kwawo ali mtsikana, n'kupita kumzinda waukulu, kumene masana ankagulitsa zipewa m'sitolo, madzulo n'kumavina pa siteji kumbuyo kwa anzake, kumene oonerera amangoona miyendo. Atatopa ndi kuvina analowa pa wailesi. Kumeneko akuti m'sewero limodzi ankatha kukhala mwana, agogo a mwanayo, ndi galu wa pakhomopo. Ndiye kunabwera mafilimu. Anakhalapo sisitere, wakuba, woweruza milandu, chidakwa, wantchito wa m'nyumba, mkazi wa munthu wolemera. Ankaimba, ankaseketsa, ankaliritsa. Dzina lake silinakhalepo pamwamba pa chikwangwani. Linkabwera lachitatu kapena lachinayi, koma ntchito sinamusowepo. Anakwatiwa kangapo. Mwamuna womaliza anali wa ku Ireland kuno, kalipentala wa masiteji, ndipo ndi amene anamubweretsa ku Skerries, n'kumwalira, n'kumusiya m'kanyumba koyang'ana kunyanja.

Mkazi wanga anayamba kubwera ndi zimbale za mafilimu akewo. Iye akapita kuntchito ine ndinkaziika, ndili ndekha, makatani otseka ngati ndikuchita zoipa. Ndinkafuna kumuona mdani wanga. Koma sindinkamupeza. Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, ndili kale ndi ndevu, kusukulu ya kwacha ya pamishoni kumene ndinkayendetsa galimoto la ansembe, ndipo mpaka lero maso anga amayenda pansi ngati ng'ombe yokoka ngolo. Mayina a pa filimu ankathamanga ndisanamalize loyamba. Ndinkangoyang'ana nkhope, ndipo nkhope yake sinkakhala imodzi.

“Filimu yanu ija mulibemo mzungu wanu,” ndinatero madzulo ena.

“Alimo. Si uja anapatsa wapolisi tiyi n'kumubera wotchi?”

“Wonenepa uja?”

“Yemweyo.”

“Nanga dzulo munati ndi sisitere woonda uja.”

“Yemweyonso. Ndiye luso lakelo, abambo. Munthu mmodzi, anthu ambirimbiri.”

“Kwathu munthu wotere timamuopa,” ndinatero. Anaseka, koma osati ngati akuseka nane.

Ndinene zoona, panalibe choipa chimene mayiyo anandichitira. Kungoti mkazi wanga anayamba kunyamuka nthawi isanakwane, n'kumabwera itapitirira. Anayamba kuphika chigumu Lamlungu madzulo, ndi ufa wogula kusitolo ya anthu akuda, chifukwa Madamu, ndi mmene ankamutchulira, anachikonda. Chapakati chofewa chinkapita ku Skerries. Ine ndinkadya m'mphepete mopserera. Akalankhula nane ankayamba ndi “Madamu akuti.” Madamu akuti munthu amadziwika ndi mmene amakhalira pampando. Madamu akuti bodza limaoneka m'manja, osati m'maso. Ine ndinkabisa manja anga pansi pa tebulo. Tinali titakhala m'banja zaka zambiri zedi, ndipo nkhani zathu zinali zitatha ngati sopo. Tsopano mkazi wanga anali ndi nkhani zatsopano tsiku lililonse, koma sizinkachokera kwa ine, ndipo ine ndinalibe choti ndibwezere. Ndikanamuuza chiyani? Kuti lero wa makalata anadutsa osaima?

Kutchalitchi kunali mnzanga wina wa ku Zambia, woyendetsa takisi, wakamwa losapuma. Ndinalakwitsa kumudandaulira titatuluka Misa.

“Mudala, mwalandiwa mkazi na nkhalamba inzanu?” anafuula, anthu akumva. “Ise tiyopa anyamata, imwe muyopa agogo a pa wilitcheya! Nanga muzamenyana nawo bwanji? Muzawachotsa mpweya ku matayala?”

Ndinaseka nawo, chifukwa mwamuna sangachitire mwina. Koma m'basi pobwerera ndinkaganiza kuti akanakhala mwamuna zikanaphweka. Mwamuna umadziwa chimene akufuna, ndipo pali ankhoswe ndi abambo mfumu oti n'kuwauza. Nanga ukadandaula kuti mkazi wako amaseka kwambiri kuntchito, akakuweruzira ndani?

Pali chinthu china chimene chinkandidya masiku amenewo, chimene sindinkauza munthu. Munthu wosagwira ntchito amaganiza za imfa. Ndinali nditapitako kumaliro a kuno, a bambo a mnzanga wa kuntchito. Anthu anafola mwaulemu, kugwira chanza anamfedwa, kunong'ona mawu awiri, basi. Mkazi wa malemu anangopukuta diso limodzi ndi kansalu. Kuchoka kumanda tinapita kuhotela kukadya supu ndi masangweji, anthu akuseka. Sindikuwanyoza, ndi mwambo wawo, ndipo amabwera ambiri. Koma ine ndinabwerera kunyumba ndili ndi mantha. Ndinadziona ndili m'bokosi, m'dziko la eni, ndikutsitsidwa mwakachetechete ngati katundu wa m'nyumba ija ya mabafa. Kwathu timati maliro n'kulirana, ndipo ine pali maliro ena a kumudzi amene ndinayenera kukhalapo koma sindinapite. Nkhani imeneyo ndi ya ine ndi Mulungu. Ndingonena kuti sindinkayembekezera kuti aliyense wa kumudzi angadzandigwetsere msozi. Amene ndinkadalira anali mmodzi. Ndinkadziuza kuti ngakhale Ireland yense akhale chete, mkazi wanga adzandilira mwa kwathu, ndipo a kumwamba adzamva kuti kwabwera munthu amene anali ndi wake.

Tsiku lina masana kunagwa mvula ya mphepo, ndipo ndinaona ambulera yake ili kuseri kwa chitseko. Ndinadziuza kuti ndikumupititsira. Ambulera sigwira ntchito ku Skerries, mphepo imaitembenuza, ndipo ndinkadziwa. Ndinakwera sitima.

Kuchokera pa siteshoni ndinatsika ndi msewu wopita kudoko. Nyumbayo ndinaizindikira ndi chitseko chake chofiira, chimene ndinali nditamva mbiri yake kokwanira. Ndisanafike pa geti ndinamva kulira.

Munthu wa kwathu sangakusokoneze kulira kumeneko ndi china chilichonse. Kumayambira pamwamba, n'kutsika ngati munthu akugwa pamtengo, n'kudzukanso. Ndinaganiza kuti kwabwera uthenga wochokera kumudzi, kapena mwana wathu wachita ngozi mumzinda. Kenako ndinamva mawu ake.

“Mayo ine! Mwamuna wanga ine! Mwandisiya ndi yani kudziko la eni! Munandinyamula pa njinga ndili ndi pakati, mvula ikugwa, mpaka kuchipatala cha mishoni! Adzandiikira ndani nsapato pa hita kuti ndisazizidwe popita kuntchito! Wouma mutu wanga ine! Ndizikangana ndi yani ine, mayo!”

Ndinaima pamvulapo, ambulera ili yopinda m'manja. Ndikukumbukira kuti ndinadzigwira pachifuwa. Sindikuchita manyazi kunena zimenezo, aliyense akanadzigwira.

Chitseko sichinali chokhoma. Ndinalowa osagogoda. Pabalaza mkazi wanga anali atakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, nsapato atavula, chitenje m'chiuno pamwamba pa yunifolomu, manja pamutu. Patsogolo pake, pampando wamatayala, panali kamunthu kakang'ono, kouma ngati nsomba ya pa thandala, tsitsi loyera lometa lalifupi. Kanali kataweramira kutsogolo, maso ali tong'o, milomo ikuyenda motsatira mawu a mkazi wanga, dzanja limodzi likukwera pang'onopang'ono kupita kumutu.

Mkazi wanga anandiona n'kudula kulira pakati. Anaimirira msangamsanga akukonza chitenje.

“Abambo! Mwabwera bwanji?”

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Kenako analankhula, ndi mawu aakulu osayenerana ndi thupi lake, m'Chingerezi chomveka bwino moti ngakhale ine sindinaphonye liwu.

“Ndiye inu ndinu malemu! Lowani, lowani. Mukuoneka bwino kwambiri kwa munthu wakufa.”

Sindinaseke. Ndinavula chipewa, chifukwa anali wamkulu kwa ine ndipo ndinali m'nyumba mwake, koma sindinakhale pansi.

Anafotokoza yekha, mkazi wanga akundithandiza pamene Chingerezi chinandipitirira. Anati m'mafilimu waika amuna ambiri m'manda, moti anasiya kuwawerenga. Ena anawomberedwa, ena anamira, mmodzi anamupha yekha ndi poizoni. Koma nthawi zonse wotsogolera filimu ankamuuza chinthu chimodzi: chepetsa, chepetsa, kamera ili pafupi. Msozi umodzi, mlomo unjenjemere pang'ono, basi. Mwamuna wake weniweni atamwalira, kalipentala uja, anapeza kuti sadziwa kulira kwina. Anaima kumanda akuchepetsa. Ndiye m'mawa umenewo, akusambitsidwa, anafunsa mkazi wanga kuti kwanu mumalira bwanji.

“Ntchito yanga yonse yakhala kutola anthu,” anatero. “Kayendedwe ka uyu, katsokomoledwe ka uyo. Mafilimu anandisiya koma kutola sikunandisiye. Taimani muone ngati ndagwira.”

Sindinavomere, koma sanadikire. Anatseka maso, n'kukoka mpweya. Mapewa ake anagwa, nkhope inakhala ngati yasungunuka, manja onse awiri anafika pamutu. Ndiye m'kamwa mwa mzungu wa ku Amereka, amene sankadziwa liwu limodzi la Chichewa, munatuluka mawu a mkazi wanga. Osati ofanana nawo. Ake enieni, ndi kusasa kwake komwe, ndi pamene amapumira. “Mayo ine! Mwamuna wanga ine! Wouma mutu wanga ine!” Ndinaona bwalo la kumudzi, amayi atakhala m'mbali mwa nyumba, utsi wa chikuni cha pamaliro. Maso anga anadzaza, ndipo ndinadana naye chifukwa cha zimenezo kuposa china chilichonse.

Kenako anangosiya, ngati watseka mpopi. Anatsegula maso ali ouma.

“Pakati paja ndinathamanga,” anauza mkazi wanga. “Iwe umadikira kaye usanatsike. Tipange tiyi, malemu azizidwa.”

Tiyi ndinamwa nditaimirira. Pamene tinkatuluka, ndinatembenuka n'kumuona atagwira kansalu ka patebulo pamimba ndi manja awiri, akukazunguliza m'mphepete, khosi atalikhotetsa pang'ono. Umu ndi mmene ine ndimagwirira chipewa. Anali atanditola kale.

Tinakwera sitima yobwerera kwathu. Titalowa m'nyumba ndinatseka chitseko.

“Mayi, munthu wamoyo amaliridwa?”

“Anandifunsa, abambo.”

“Akakufunsani kuti kwanu mumakumba bwanji manda, mudzandikumbira?”

“Musakuze nkhani.”

“Ndi malodza amenewo! Mukudziwa bwino. Kumudzi akanamva akanati mukundifulumizitsa.”

“Nanga ndikanalira yani? Amayi anga ndinawalira kale kwenikweni, sindingawabwereze. Mwana wathu? Adzukulu? Mulungu aletse. Munatsala ndinu.”

“Ndiye ine ndi wa mayeso.”

“Inu ndinu olimba. Anthu ouma mutu amachedwa kufa, n'chifukwa chake ndinasankha inu.”

Ankafuna ndiseke. Ndinalowa kuchipinda.

Za malodzazo ndinkazinena ndi pakamwa chabe. Ndine Mkatolika, ndipo sindinaganize kuti ndifa chifukwa mkazi walira pa kapeti. Chimene chinandiwawa ndi nsapato. Nyengo yozizira iliyonse chifikireni kuno, ndinkadzuka m'mamawa kuika nsapato zake pa hita. Sananenepo kanthu. Ankangozivala n'kumapita, ndipo ine ndinkaganiza kuti mwina amayesa kuti zimakwera zokha. Njinga ija, ya usiku umene mwana wathu anabadwa, sanaitchulepo chiyambire. Tsopano ndinadziwa kuti zonse anazisunga, anazipinda bwinobwino ngati nsalu za pansi pa sutikesi, kudikira tsiku langa. Zinali zanga. Ndipo anazitulutsa n'kuziyala pamaso pa mlendo, kuti mlendoyo aone mmene timapumira. Mlendoyo n'kuzivala, zinamukwana, n'kuzivulanso n'kuitanitsa tiyi.

Ndinayamba kudzifunsanso funso loipa. Ngati mayi uja amatha kulira choncho maso ali ouma, nanga mkazi wanga? Kodi pamene ndinalowa anali ndi misozi? Ndinayesa kukumbukira nkhope yake, koma ndinkangoona chitenje ndi mapazi.

Ndinamuuza kuti apemphe nkhalamba ina. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

“Masiku ano? Anzanga akuwadula maola, ine ndikakane amene ndili nawo? Lendi tizilipira ndi nsanje zanuzo?”

Aka kanali koyamba kutchula liwulo. Ndinasiya kuika nsapato pa hita. Anazivala zozizira osanena kanthu, monga mmene ankazivalira zofunda osanena kanthu, ndipo patapita masiku angapo ndinaona kuti amene akuvutika ndi ine, chifukwa ndinkadzukabe nthawi yomweyo n'kumangoyang'ana denga. Ndinayambiranso.

Ku Skerries sindinabwerereko, ngakhale ankandiitana. Moni yekha ankafika.

“Madamu akuti apatseni moni malemu.”

“Auzeni malemu akupuma, asawavutitse.”

Akuti ankaseka mpaka kutsamwa. Mawa lake kunkabwera yankho, ine n'kubweza. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma ndinapezeka ndikukonza mayankho masana, ndikutsuka mbale, kuti ndisagonje kwa nkhalamba imene sindinkafuna kuiona. Mkazi wanga ankanyamula mawu athu mu sitima uku ndi uku, ndipo ndikuganiza kuti ankasangalala.

Nyengo yozizira itafika pakati, chifuwa chinamugwira mayiyo. Chigumu chinayamba kubwerera chosadyedwa, ndipo ndinadya chapakati koyamba, koma sichinandikomere. Anamutengera kuchipatala mumzinda, ndipo sanabwereko.

Maliro anachitikira ku Skerries. Ndinapita, chifukwa sindikanalola mkazi wanga kupita yekha, komanso chifukwa ndinkafuna kuona. Ndisaname. Misa yonse sindinapemphere. Ndinkamuyang'ana iye m'mbali mwa diso. Anthu sanali ambiri: oyandikana naye, achibale a kalipentala, nkhalamba zingapo zovala masikafu okongola zimene akuti ankachita nazo zisudzo, ndi mwana wake wamwamuna amene anachokera ku Amereka, munthu wa dazi, wotopa ndi ulendo. Wansembe ananena kuti mayiyu anakhala anthu ambiri pa moyo wake, ndipo Mulungu yekha ndi amene adziwe woti amulandire. Anthu anaseka pang'ono mwaulemu. Mkazi wanga anangokhala, manja pamiyendo, korona osaiyendetsa. Mumtima ndinati, zili bwino, alira mwa kuno.

Kumanda kunali mphepo yochokera kunyanja. Anatsitsa bokosi, wansembe anawaza madzi, anthu anayamba kusuntha mapazi kuti azipita. Ndipamene ndinaona mkazi wanga akutsegula chikwama n'kutulutsa chitenje. Anali atachinyamula kuchokera kunyumba, ine osadziwa. Anachimanga m'chiuno pamwamba pa jasi lakuda, n'kuponda sitepe imodzi kutsogolo.

“Mayo ine! Amayi anga ine! Mwandisiya ndi yani ine!”

Manda onse anaima. Mwana wa malemu anatsegula pakamwa. Mayi wina anagwira mkono wa mwamuna wake. Wansembe, amene mwina anakhalako kwathu kapena kufupi, anangoweramitsa mutu n'kudikira.

“Ndizikaseka ndi yani ine! Adzandifunsa ndani za kwathu! Ndani adzandimvera ndikamalankhula, mayo! Mwandisiya ndi yani!”

Mawondo ake anayamba kupinda. Kwathu mkazi akamalira chonchi salira yekha. Amayi anzake amamugwira m'chiuno ndi m'mapewa kuti asagwe, ndipo amuna timaima patali. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe mayi wa kwathu ngakhale mmodzi. Azungu sankadziwa choti achite, ndipo si mlandu wawo. Ndinaponya chipewa pansi n'kumugwira ine. Ndinamukumbatira kumbuyo, monga ndinkaonera azakhali anga akuchita, ndipo kulirako ndinakumva kukutuluka m'nthiti zake kudzera m'manja mwanga. Ankafunsa kuti wamusiya ndi yani, ine nditamugwira. Ankafunsa amene adzamumvere, khutu langa lili pa phewa lake. Misozi yake inagwera pa dzanja langa, yotentha, ndipo ulendo uno sindinafunikire kukayika.

Sanatalikitse. Atamaliza anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Mwana wa malemu anabwera, nkhope ili yonyowa, n'kumugwira manja onse awiri kwa nthawi yaitali. Mmodzi wa nkhalamba za masikafu ananditolera chipewa.

Kuhotela sitinapite. Tinakwera kusiteshoni, n'kukhala pabenchi kudikira sitima. Ndinadziletsa mmene ndikanathera.

“Mwalira bwino,” ndinatero.

“Musayambe, abambo.”

“Sindikuyamba. Ndikungoti mwalira bwino. Misozi inalipo.”

Ankapinda chitenje pa bondo.

“Tsiku lija, langa lija, inalipo?”

Anatembenuka n'kundiyang'ana, maso ali ofiira.

“Munthu tamuika kumene, inu mukuyeza misozi?”

“Ndikungofuna kudziwa ngati yatsalako.”

“Yatsalako chiyani?”

“Ya ine. Zina munapereka tsiku lija, zina mwapereka lero. Ine ndidzapeza chiyani?”

Anapumira m'mwamba, n'kuika chitenje m'chikwama, n'kutseka zipi.

“Amuna onse amapita osamva liwu limodzi la pamaliro awo. Inu munamva anu muli chiimire, ndi ambulera m'manja, ndipo chimene munachita n'kukwiya. Madamu lero sanamve kanthu.”

“Simunandiyankhe, mayi.”

“Ifani kaye muone.”

Sitima inatulukira pa kona. Anaimirira n'kundigwira mkono kuti ndidzuke, poti bondo langa limavuta kukazizira, ndipo sanausiye mpaka titakhala pansi m'katimo. Ndinayang'ana pa windo, nyanja ili kudzanja lamanja, ndikubwereza m'mutu kulira kuwiri kuja. Kwanga kunali kotalikirapo, ndipo kunali ndi njinga. Kwa mayi uja kunali ndi misozi. Mpaka tinafika ku Balbriggan ndisanagamule kuti wapambana ndani, ndipo mpaka lero, ndikamamuona akusita chitenje chimenecho, sindimufunsa kuti akusungira yani.